Kukonza pogwirira mwendo wakutsogolo wa ndege yodzipangira: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la anthu amene anadzipangira okha ndege, kapena anagula ndege imene munthu wina anapanga pakhomo pake, ndipo aona kuti mwendo wonyamula tayala lakutsogolo wayamba kugwedera pamalo pomwe umagwirana ndi thupi la ndege. Mayankho ali m'munsimu sakulowa m'malo mwa pulani ya ndege yanu kapena malangizo a amene anaijambula. Cholinga chake n'chakuti mumvetse chimene chikuchitika m'chitsulomo musanatenge sipanala kapena dirilo, pakuti chitsulo chimene chachotsedwa m'bowo sichibwereranso.

Kodi pogwirira mwendo ndi pati kwenikweni?

Ndi malo onse amene mphamvu yochokera ku tayala lakutsogolo imadutsa polowa m'thupi la ndege, ndipo kapangidwe kake kamasiyana malinga ndi mtundu wa ndegeyo. Pa ndege za Van's Aircraft monga RV-6A, komanso RV-7A ndi RV-9A zambiri, mwendo ndi ndodo yachitsulo cha sipuling'i yomka nichepa kumunsi, imene imalowa m'paipi yowotchereredwa ku chimango chonyamula injini, ndipo bawuti imodzi yopingasa ndiyo imailetsa kusololoka ndi kuzungulira. Nzeru yogwiritsa ntchito ndodo yotere ngati sipuling'i inachokera kwa Steve Wittman, mmisiri wa ku America amene ankapanganso ndege zampikisano. Pa ndege za Zenith, monga CH 701 imene anajambula Chris Heintz, mwendo ndi paipi yowongoka imene imakwera ndi kutsika m'zidutswa za nayiloni zomangidwa ku khoma lotchinga moto, lomwe amisiri amati firewall, ndipo chingwe cha labala chotchedwa bungee ndicho chimalandira kugunda konse. Pa VariEze ndi Long-EZ za Burt Rutan mwendo ndi wa fiberglass, umapindikira m'mphuno mwa ndege ikanyamuka, ndipo umazungulira pa bawuti yodutsa m'mabushi, timapaipi tatifupi tokhala m'bowo kuti bowolo lisadyeke, pakati pa zipupa ziwiri zam'kati. Musanawerenge zotsatirazi, dziwani kaye kuti ndege yanu ili m'gulu liti, chifukwa njira yoyenera pa paipi yachitsulo ikhoza kuwononga chipupa cha fiberglass.

N'chifukwa chiyani malo amenewa amadyeka msanga kuposa a miyendo ikuluikulu?

Ndege ikaima, mwendo wakutsogolo umanyamula gawo lochepa chabe la kulemera kwake, ndipo pa chifukwa chimenechi ojambula ndege amaupanga wopepuka. Mavuto amayamba ndege ikamayenda pansi. Tayala likagunda kachulu, dzenje kapena mphepete mwa konkire, mphamvu yake imakwera ndi mwendo wautaliwo n'kukathera pamalo aafupi pomwe wagwirira, monga mmene mgwala umakulitsira mphamvu ya dzanja potukula mwala. Kuponda mabuleki mwamphamvu kumakankhira kulemera kwa ndege kutsogolo, kukhota mofulumira kumapotokola mwendo m'paipi mwake, ndipo kutera tayala lakutsogolo litayamba kufika pansi kumaupatsa katundu amene sunapangidwire.

Komabe nthawi zambiri chimene chimamaliza chitsulo ndi kusuntha kwakung'ono, kosaoneka ndi maso, kobwerezedwa kambirimbiri. Bawuti wamba ya ndege, ya muyeso wa ku America wotchedwa AN, imakhala yocheperako pang'ono kuposa muyeso wake wolembedwa, pamene bowo lobooledwa ndi dirilo limatuluka lokulirapo komanso losazungulira bwinobwino, kotero kuti ndege imatha kuyamba moyo wake ili kale ndi kampata pamalopo. Zitsulo ziwiri zikamakhulana m'kampatako, tizidutswa tosaoneka timasweka, timachita dzimbiri, timalimba kuposa chitsulo chimene tachokerako, ndiye timayamba kupala bowo ngati mchenga. Amisiri amautchula mchitidwe umenewu kuti fretting. Bowo likakula pang'ono, bawuti imapeza danga lothamangira isanagunde khoma lake, kugundako kumakula, ndipo kudyeka kumene kunatenga zaka kuti kuyambe kumafulumira m'miyezi yochepa.

Ndingadziwe bwanji kuti kudyeka kwayamba?

Khutu ndi dzanja zimadziwa maso asanaone. Mukamakankha ndege pansi n'kumva kaphokoso kogogoda pamene tayala likusintha mbali, kapena mukamva kugunda kofooka pansi pa mapazi pokhota, musadikire kuti nthawi yoyendera ndege ya pachaka ifike. Chotsani chophimba injini ndi chophimba mwendo, ndipo yang'anani mozungulira mutu wa bawuti ndi kukamwa kwa paipi. Fumbi lofiira ngati katondo pa chitsulo, kapena mizere yakuda yotsetsereka kuchokera pa mariveti a aluminiyamu, ndi umboni wakuti zigawo ziwiri zikukhulana. Penti wong'ambika m'mbali mwa powotcherera, makwinya pa firewall, tayala lotha mbali imodzi, kapena pulopela imene yayandikira pansi kuposa kale, zonsezi zikunena za vuto limodzi kapena abale ake.

Kodi mphuno ya ndege ndingaitukule bwanji kuti ndione bwino popanda ngozi?

Kugwedera sikuoneka mwendo ukadali wolemedwa, choncho tayala liyenera kuchoka pansi. Yambani ndi kutsimikiza kuti magineto onse, amene amapereka moto woyatsira injini, ndi ozimitsa, ndipo ngakhale zili choncho pulopela muzioopa ngati injini ingalire nthawi iliyonse. Tchingani matayala akuluakulu kutsogolo ndi kumbuyo. Pa ndege zambiri zing'onozing'ono njira yosavuta ndi kukokera mchira pansi pogwiritsa ntchito mphete yomangirirapo ndege, n'kuumangirira ku chinthu cholemera mokwanira; ena amatukula ndi makina onyamulira injini atakola pa khutu lonyamulira injiniyo. Musaunjike katundu pa mapiko aang'ono akumchira pokhapokha wojambula ndegeyo atalola ndi kusonyeza malo ake, chifukwa chikopa chopyapyala cha pamenepo chimabonyoka mosavuta. Mphuno ikakwera, ikani chochirikiza cholimba pansi pa thupi la ndege pafupi ndi firewall, kuti chingwe chikaduka ndege isagwere pa dzanja lanu.

Ntchito yotsatira imafuna anthu awiri. Mmodzi agwire mwendo kumunsi n'kuukankha kutsogolo ndi kumbuyo, uku ndi uku, kenako aupotokole. Winayo aike nsonga ya chala pamalo pomwe zigawo ziwiri zakumana, chifukwa chala chimamva kusuntha kumene diso silingaone. Chitani zimenezi pa mfundo iliyonse payokhapayokha, kuyambira pa ekiselo, foloko (chitsulo champhanda chogwira tayala), mwendo m'paipi mwake, mpaka pa mabawuti omangira chimango cha injini ku firewall. Si zachilendo kuti munthu aimbe mlandu paipi pamene wolakwa ndi bushi ya foloko.

Bwanji osangomangitsa bawutiyo kwambiri kuti kugwedera kuthe?

Funso limeneli ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi. Bawuti yopingasa imagwira ntchito ndi thupi lake, limene liyenera kudzaza bowo lonse kuti mwendo usapeze poyendera. Nati ili pamenepo pongoletsa bawutiyo kutuluka. Bowo likakhala kuti lasanduka ngati dzira, kumangitsa nati kumangofinya paipi, ndipo kugwederako kumabisala kwa maulendo angapo chifukwa cha kukhulana kwa zitsulo, kenako kumabwerera bowo litakulirakulira. Choopsa china n'chakuti bawuti yomangidwa mopitirira muyeso imatanuka, mazinga ake amavulala, ndipo paipi yopyapyala imaphwatalala n'kuyamba mng'alu m'mbali mwa bowo.

Chimodzimodzi ndi guluu womatira zitsulo, monga mitundu ya Loctite yogwirira mabering'i. Ali ndi ntchito yake pamalo pomwe zigawo zikukwanirana kale bwino, koma sangalowe m'malo mwa chitsulo chimene chadyeka pamalo olandira kugunda potera. Ine ndimaona kuti njira zachidule ngati zimenezi n'zoipa kuposa kusachita kalikonse, chifukwa zimatontholetsa phokoso limene likanakumbutsa mwini ndege kuti pali vuto.

Ndiyeze chiyani ndisanasankhe njira yokonzera?

Chotsani bawuti n'kuiyang'ana kaye, pakuti nthawi zina ndiyo yadyeka kwambiri kuposa bowo, ndipo pathupi pake pamaoneka timasitepe pomwe khoma la paipi linkagunda. Tsukani bowo, ndipo liyezeni m'mbali ziwiri zopingasana, mbali zonse za paipi komanso m'mwendo momwe, pogwiritsa ntchito zoyezera mabowo ang'onoang'ono ndi choyezera kukula kwa zitsulo chotchedwa micrometer. Kusiyana kwa miyeso iwiriyo ndiko kumakuuzani kukula kwa vuto. Yezaninso mtunda wochokera pakati pa bowo kufika kumapeto kwa chitsulo. Lamulo limene amisiri amatsatira kawirikawiri ndi lakuti mtundawo usachepere kukula kwa bawuti kawiri, ndipo bowo likakulitsidwa mtunda wofunikawo umakulanso. Lembani manambala onse, jambulani zithunzi, ndipo tumizani kwa wojambula ndegeyo kapena kampani yogulitsa zipangizo zake. Funsaninso ngati pali chidziwitso chimene anatulutsa chokhudza mwendo umenewu. Mwachitsanzo, mu November 2007 Van's Aircraft inatulutsa Service Bulletin 07-11-09 yosintha foloko ndi mwendo wakutsogolo kuti nati yapansi italikirane ndi nthaka, ndipo munthu amene akukonza ndege yakale ya mtundu umenewu ayenera kudziwa ngati kusinthako kunachitika asanawononge nthawi pa zigawo zofunika kutaya.

Bowo lakula. Kodi ndiike bawuti yokulirapo, pini yosongoka, kapena bushi?

Njira zonse zitatu zimagwira ntchito, koma iliyonse ili ndi malo ake, ndipo chimene chimasankha ndi kuchuluka kwa chitsulo chotsala.

Ngati kudyeka n'kochepa, bawuti yokwana thithithi ya mtundu wa AN173 mpaka AN186, kapena bawuti ya NAS yokulirapo pang'ono, imakwanira. Mabawuti a NAS amapezeka okulirapo ndi 1/64 ya inchi, omwe amadziwika ndi chilembo X, ndi okulirapo ndi 1/32 ya inchi, a chilembo Y. M'mamilimita ndi pafupifupi 0.4 ndi 0.8. Ubwino wake ndi wakuti mumachotsa chitsulo chochepa kwambiri. Kulumpha kuchoka pa AN5, imene ndi 5/16 ya inchi, kupita pa AN6, imene ndi 3/8, kumachotsa 1/16 ya inchi yathunthu, ndipo m'ndodo ya mwendo chitsulo chimenecho chimachoka pamalo pomwe mphamvu yopotokola imadutsa. Kulumpha koteroko kusachitike popanda chilolezo cha wojambula ndege.

Pini yosongoka ya mtundu wa AN386 imakondedwa ndi omanga ambiri pa miyendo yolowa m'paipi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Popeza pini ndi bowo lake zonse zimamka zichepa mbali imodzi, nati ikakoka piniyo imakhala pansi m'bowo lonse osasiya mpata, ndipo kudyeka kukadzayambanso pang'ono pamakhala danga loikokeranso. Imafuna reamer, chipangizo chopalira ndi kusalaza m'kati mwa bowo, yakeyake ya Brown & Sharpe ya nambala yogwirizana ndi piniyo, ndi washa yakeyake ya AN975, yokhala ndi kadzenje kolandira nsonga ya pini kuti nati isathere panjira isanakoke. Mbali yosongokayo isatuluke kunja kwa chitsulo kupitirira 1/16 ya inchi. Vuto lake ndi lakuti kulakwitsa sikubwezeka: reamer ikalowa mopitirira, piniyo imamira, ndipo chotsala ndi kupita pa pini yokulirapo. Onaninso kuti mutu wa pini ndi nati zipeza malo, chifukwa pa ndege zina bawuti imeneyi ili pafupi kwambiri ndi firewall.

Bushi ndi yoyenera pamalo pomwe chinthu chimayenera kuzungulira, monga pa foloko kapena pa mwendo wopindikira m'mphuno mwa ndege, ndiponso pa khutu lachitsulo lokhuthala lokhala ndi malo okwanira. Bowo limakonzedwa kuti lizungulire bwino, bushi imapangidwa yokulirapo pang'ono kwambiri kuposa bowolo, imaziziritsidwa kuti ifote, n'kukankhidwira m'kati, ndipo m'kati mwake mumapalidwa pomaliza kuti mukwanirane ndi bawuti. M'khoma lopyapyala la paipi bushi ilibe pogwira, pokhapokha itawotchereredwa, ndipo pamenepo ntchitoyo yasanduka ya wowotcherera.

Kodi dirilo wabwino sangagwire ntchito ya reamer?

Sangagwire. Dirilo amatsatira bowo lakale lopotoka ndipo amasiya khoma lokhakhala, pamene reamer imapala pang'onopang'ono n'kusiya bowo lozungulira, losalala, la muyeso weniweni. Mwendo ndi paipi zipalidwe pamodzi, zitamangidwa molimba pamalo ake oyenera, tayala litaloza kutsogolo ndendende. Ngati mwendo wapendekeka pa nthawiyo, udzakhala wopendekeka mpaka kalekale. Zungulitsani reamer ndi dzanja, mbali imodzi yokha, ngakhale poitulutsa, chifukwa kuibweza m'mbuyo kumabunthitsa mano ake. Thirani mafuta odulira chitsulo, itulutseni pafupipafupi kuti muchotse zinyenyeswa, ndipo yesani pini kapena bawuti nthawi ndi nthawi. Chitsulo cha mwendo n'cholimbitsidwa ndi moto pamene cha paipi n'chofewa, choncho reamer imafuna kuthawira kofewako; ntchito imeneyi imatenga nthawi, ndipo ngati simunaigwirepo, yesererani kaye pa zidutswa zotsala kapena pitani nazo kwa mmisiri wa makina osulira zitsulo.

Ndaona kamzere pafupi ndi powotcherera. Ndingadziwe bwanji ngati ndi mng'alu?

Kamzere kalikonse pamalo amenewa kakhale mng'alu kufikira mutatsimikiza kuti si choncho. Chotsani penti pamalopo ndi mankhwala ochotsera penti, osati ndi gilayindala kapena bulashi yawaya yamakina, zimene zimapaka chitsulo pamwamba pa mng'alu n'kuutseka. Yang'anani ndi galasi lokulitsa zinthu ka 10 ndi tochi yowunikira chapambali. Kenako gwiritsani ntchito utoto wofufuzira ming'alu, umene umagulitsidwa m'zitini zitatu: chotsukira, utoto wofiira wolowerera, ndi ufa woyera umene umakoka utotowo kuti mng'alu uoneke ngati mzere wofiira. Pa chimango chachitsulo chimene chachotsedwa pa ndege, kuyeza ndi maginito kumalo okonzera injini za ndege kumaona zambiri kuposa utoto. Penti wokhuthala wowotcha mu uvuni amaoneka bwino koma amatha kutanuka pamwamba pa mng'alu osang'ambika, ndipo n'chifukwa chake amisiri ambiri amasankha penti wopyapyala, woyera kapena wotuwa, pa zimango za injini.

Kuboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire si kukonza pa chigawo chonyamula katundu chotere. Ndege yokhala ndi mng'alu pogwirira mwendo isauluke.

Kodi chimango chong'ambika chingawotchereredwe?

Nthawi zambiri chingatheke, pakuti zimango zimenezi zimapangidwa ndi mapaipi a chitsulo cha 4130, chimene chimawotchereka bwino ndi makina amagetsi a TIG kapena ndi gasi wa oxy-acetylene m'manja mwa munthu amene anazolowera mapaipi opyapyala. Buku la FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku United States, lotchedwa AC 43.13-1B, lomwe linatuluka mu 1998, limafotokoza m'mutu 4 njira zovomerezeka, monga kuveka paipi yokulirapo pamwamba pa yowonongeka, kudula mapeto ake ngati kukamwa kwa nsomba kuti mzere wowotcherera utalike, ndi kuwotcherera kudzera m'timabowo kuti mapaipi awiriwo agwirane. Kungodzaza mng'alu ndi chitsulo chosungunuka popanda kufunsa chimene chinauyambitsa kumangousamutsira pambali pa powotchapo.

Ntchitoyi ichitike chimango chitachotsedwa pa ndege, ngakhale kuti zimenezi zikutanthauza kutsitsa injini. Kuseri kwa firewall kuli mapaipi a mafuta ndi mawaya, ndipo mfundo ya mapaipi siingawotchereredwe mozungulira bwino ili pamalo opanikizika. Chimango chimangidwe pa chikombole cholimba chosunga malo a mabowo ake onse, chifukwa kutentha kumakoka chitsulo, ndipo paipi yolowamo mwendo ikapotoka pang'ono mwendowo sulowanso. Powotchapo pazizire pokha m'malo opanda mphepo. Kuthirapo madzi kumachititsa 4130 kuuma n'kukhala yosachedwa kusweka. Mabawuti a ndege amakutidwa ndi cadmium, imene utsi wake ndi wakupha, choncho asakhale pafupi ndi lawi. Ngati ming'alu ili ingapo, kapena chimango chinapindika pa ngozi, kugula chatsopano ndiye nzeru, ndipo ndikunena zimenezi ndikudziwa kuti mtengo wake umapweteka.

Nanga mwendo wopindika ungawongoledwe ndi moto?

Ayi. Mphamvu ya mwendo wa sipuling'i imachokera ku kulimbitsidwa kwake ndi moto kufakitale, ndipo lawi lililonse limafufuta kulimbako pamalo pomwe lafika. Mwendo wopindika, wong'ambika kapena wokhala ndi maenje akuya a dzimbiri usinthidwe. Ngati pa tsiku limene unapindika pulopela inagundanso pansi, injini iyendedwe motsatira malangizo a oipanga. A Lycoming, opanga injini za ndege, ali ndi Service Bulletin 533 yonena za nkhani imeneyi.

Ndege yanga ndi ya fiberglass. Kodi pali kusiyana kotani?

Pa ndege zotere bawuti imadutsa m'malo olimbitsidwa mwapadera m'kati mwa chipupa, ndipo kudyeka kumakhala pawiri: mabushi a pozungulira mwendo amatha, komanso chipupa chenichenicho chimatha kufinyika kapena kusendeka m'kati. Gogodani mozungulira bowo ndi ndalama yachitsulo. Pamalo abwino pamalira mowala, pamene posendeka pamalira mogontha. Malo oyera m'kati mwa fiberglass yopanda penti amasonyeza kuti ulusi walekana ndi epoxy. Pokonza, zowonongeka zonse zimapalidwa motsetsereka, ndipo nsalu zatsopano zimayalidwa za mtundu womwewo, chiwerengero chomwecho ndiponso ulusi utaloza komwe pulani inanena. Podzaza malo onyamula katundu gwiritsani ntchito epoxy wosakaniza ndi ulusi wa thonje, amene omanga amati flox. Wosakaniza ndi timipira tagalasi, amene amati micro, ndi wosalazira pamwamba chabe ndipo amaphwanyika pansi pa bawuti. Pa mwendo wopindikira m'mphuno mwa ndege onaninso makina oupindira ndi choukhoma ukatsika, chifukwa kugwedera kwa pozungulira kumapatsira katundu wowonjezera ku zigawo zimenezi.

Pa mwendo wa bungee ndiyang'ane chiyani?

Zidutswa za nayiloni zinapangidwa kuti zizitha m'malo mwa paipi, choncho zikatha zisinthidwe, ndipo mabawuti ndi mariveti ozimangira ku firewall ayendedwe pa nthawi yomweyo. Chingwe cha labala chimakalamba ndi kutentha kwa injini ndi mafuta odontha. Nsalu yake ikayamba kuthothoka kapena chikaonda pamalo ena, nthawi yake yakwana. Popeza pa ndege zimenezi mwendo umalumikizana ndi zopondera zowongolera, mabushi othina kwambiri amaumitsa chiwongolero cha kumchira ndege ili m'mwamba.

Ndakonza pogwirira koma tayala likunjenjemerabe potera. Chatsala n'chiyani?

Kunjenjemera kumeneku, komwe oyendetsa ndege amati shimmy, kumadya pogwirira mwendo, ndipo pogwirira podyeka pamakulitsa shimmy, kotero kuti kukonza chimodzi n'kusiya chinzake ndi kuyambanso ulendo womwewo. Pa tayala lozungulira lokha, kuuma kwa foloko kumachokera ku mawasha opindika ngati mbale otchedwa Belleville, amene nati yapansi imawafinya. Mphamvu yofunika kuti foloko iyambe kutembenuka imayezedwa ndi sikelo yokoka itakoledwa pa ekiselo, tayala lili m'mwamba, ndipo nambala yake ili m'pulani ya ndege yanu. Imatsika yokha zigawo zatsopano zikakhazikika, choncho iyezedwenso patapita maulendo ochepa. Onetsetsani kuti mawashawo aikidwa moyang'ana mbali imene pulani ikusonyeza. Zikatero yang'anani mpweya wa tayala, kulemera kwake ngati kuli kofanana mbali zonse, kuzungulira kwake ngati silinaphwatalale pokhalitsa malo amodzi, ndi mabering'i a gudumu.

Kodi mabawuti olimba a galimoto angagwire ntchito pamenepa?

Musawagwiritse ntchito. Mabawuti a ndege ali ndi muyeso wodziwika wa thupi, mazinga aafupi, ndi mbiri yotsatika ya kapangidwe kake. Sankhani utali woti thupi losalala lidutse m'zigawo zonse ndipo mazinga asakhale m'bowo, chifukwa mazinga amadya bowo ngati tupa. Mzinga umodzi wathunthu, kapena kuposerapo, uoneke kunja kwa nati. Manati okhala ndi nayiloni m'kati asaikidwe pamalo otentha kupitirira madigiri 121 a Celsius, ndipo kutsogolo kwa firewall ndi bwino kugwiritsa ntchito achitsulo chokhachokha. Pomwe bawuti imazungulira pafunika nati yamipata ndi pini yatsopano yoitsekera. Ngati pulani sinatchule mphamvu yomangira, AC 43.13-1B imapereka 20 mpaka 25 inch-pound pa AN3, 50 mpaka 70 pa AN4, 100 mpaka 140 pa AN5, ndi 160 mpaka 190 pa AN6, mazinga ali ouma ndi oyera, ndipo manati opyapyala amamangidwa ndi mphamvu yocheperapo. Mukamaliza, lembani kamzere ka penti kodutsa pa nati ndi pa chitsulo choyandikana nayo, kuti nati ikadzasuntha mudzaone ndi maso.

Ndani ali ndi chilolezo chogwira ntchito imeneyi?

Zimadalira dziko limene ndege inalembetsedwa. Ku United States ndege ya gulu la Experimental Amateur-Built ikhoza kukonzedwa ndi munthu aliyense, koma kuiyendera kwa pachaka kumasainidwa ndi munthu wa chiphaso choyenera, monga makaniko wa ndege wa chiphaso cha A&P kapena ndi woimanga amene ali ndi chiphaso cha Repairman cha ndege yomweyo, ndipo kusintha kwakukulu kumafuna kutsatira zimene zalembedwa m'malire a kagwiritsidwe ntchito ka ndegeyo, kuphatikizapo nthawi yoiyesa m'mwamba. Ku United Kingdom ndege zambiri zotere zimauluka ndi Permit to Fly pansi pa Light Aircraft Association, ndipo kukonza chigawo chonyamula katundu kumafuna kuvomerezedwa ndi bungweli ndi kusainidwa ndi woyendera wake. Kulikonse kumene muli, funsani bungwe loyang'anira za ndege musanayambe, ndipo ngakhale lamulo litakulolani kugwira nokha, itanani munthu wina wodziwa kuti aone ntchitoyo musanaiphimbe. Lembani m'buku la ndege chimene munapeza, miyeso yake, zigawo zimene mwaika ndi nambala zake, kuti wodzakonza mtsogolo asadzalowetse bawuti wamba m'bowo limene linakulitsidwa.

Ntchito yatha. Ndiyese bwanji, ndipo ndichite chiyani kuti vutoli lisabwerere msanga?

Mphuno isanatsike bwerezani kuyesa kwa anthu awiri kuja, ndipo onetsetsani kuti mapaipi a mafuta, mawaya ndi zingwe zoyendetsera injini zabwerera m'malo mwake ngati chimango chinachotsedwa. Ngati mwaika zigawo zolemera mosiyana ndi zakale, werengeraninso kulemera kwa ndege ndi pakati pake. Yambani ndi kuyenda pansi pang'onopang'ono, mukukhota mbali zonse ndi kuponda mabuleki, kenako imani, zimitsani injini, muyang'ane timizere ta penti tija. Onjezani liwiro pang'onopang'ono pamsewu wautali wa ndege tsiku lopanda mphepo yambiri. Mukatera koyamba tukulaninso mphuno, ndipo chitaninso chimodzimodzi pakatha maulendo angapo, chifukwa pini yosongoka ndi mabushi atsopano zimakhazikika m'masiku oyambirira.

Zotsalazo zili m'dzanja la woyendetsa. Terani ndi matayala akuluakulu, mugwire mphuno m'mwamba mpaka liwiro litachepa, ndipo muitsitse mofatsa isanagwe yokha. Poyenda pa udzu kapena pamalo okumbika kokerani ndodo yowongolera kumbuyo kuti mwendo upepukidwe, ndipo pewani mabuleki amphamvu tayala likamalowa pofewa. Ndege ikadumpha potera n'kuyamba kugwa chamutu, onjezani mphamvu ya injini munyamukenso, chifukwa kugunda kwachiwiri ndi kwachitatu ndiko kumapinda mwendo. Poikoka pansi musatembenuze foloko kupitirira malire ake, ndipo poikankhira m'mbuyo gwirani tayala ndi chokokera kuti lisatembenuke mwadzidzidzi n'kugunda poimira pake.